MAU AMENE MOTO UNALEPHERA KUTENTHA

Phunziro la aneneri akale ndi kalata ya Aepiskopi athu ya 1992

Aliyense amene anagonako ku Luwawa mwezi wa Juni kapena Julayi amaudziwa ubwino wa mbaula. Dzuwa likangolowa kuseri kwa mitengo ya paini, chisanu chimatsika m'mapiri a Viphya, nkhungu nkukuta damu lonse, ndipo wamkulu ndi mwana yemwe amasendera ku moto. Pa moto wotere ndi pamene agogo anga aamuna, pa tchuthi chapitachi, anandisimbira za Lamulungu lina la chaka cha 1992, ine ndisanabadwe. Tsiku limenelo, m'katchalitchi kathu ka kumudzi, munawerengedwa kalata ya Aepiskopi m'Chitumbuka. Akuti anthu anangoti zii, osatsokomola ndi mmodzi yemwe. Potuluka ena ankayenda chowerama, kuopa kuti nkhope zao zingaulule zimene mitima yao inali kuvomereza. Sabata isanathe, kunamveka pa wailesi kuti kalatayo ndi youkira boma, ndipo wopezeka nayo amangidwa. Agogo anaikulunga yao m'pepala la pulasitiki, naisomeka m'denga la nkhokwe.

Titatsekulira sukulu, pa phunziro la Baibulo tinafika pa mutu 36 wa buku la Yeremiya. M'menemo ndinapezamo nyengo yachisanu, mbaula, mau owerengedwa m'Nyumba ya Mulungu pa tsiku losala zakudya, ndiponso mfumu yokwiya. Inali ngati nkhani ya agogo ija, koma yochitika zaka zoposa 2,500 zapitazo. M'phunziro lino tiyeni tiike nkhani ziwirizi pamodzi, tione chifukwa chake Mpingo sufuna kuti tiiwale aneneri a Aisraele, ndiponso chimene kukumbukira kumeneku kukutipempha ife amene tikukonzekera unsembe.

1. Mpingo umakumbukira aneneri

Yesaya, Yeremiya, Amosi ndi anzao sanali Angoni, Atumbuka kapena Achewa. Anali Aisraele, ndipo anamwalira Khristu asanabadwe. Komabe Mpingo umawawerengera pamodzi ndi oyera ake. Pa Misa ya Lamulungu, kawirikawiri mau oyamba amachokera m'mabuku ao. M'nyengo ya Adventi timamva Yesaya masiku ambiri, ndipo pa Lachisanu Loyera ndi iye amene amatifotokozera za Mtumiki wozunzika tisanamve za masautso a Ambuye. M'buku la Mpingo la maina a oyera, Yeremiya amakumbukiridwa pa 1 Meyi, Eliya pa 20 Julayi. Yohane Mbatizi, wotsiriza wa aneneri otsogolera Khristu, ali ndi masiku awiri: kubadwa kwake pa 24 Juni ndi kuphedwa kwake pa 29 Ogasiti.

Mwambo umenewu sunayambe ndi ife. Mlembi wa buku la Sira anatchula makolo ndi aneneri mmodzimmodzi (mitu 44 mpaka 49) kuti ana a m'nthawi yake asaiwale kumene anachokera. Kalata ya kwa Ahebri inalembedwera akhristu amene anali atayamba kufooka chifukwa cha mazunzo, ndipo mlembi akuwakumbutsa za anthu akale amene anakwapulidwa, kumangidwa, kuponyedwa miyala ndi kubisala m'mapanga, koma osataya chikhulupiriro (11:32-38). Yakobe Woyera akuuza akhristu kuti akafuna chitsanzo cha kupirira ayang'ane aneneri (5:10). Ambuye Yesu mwini wake, pomaliza madalitso aja a pa phiri, anauza ophunzira ake kuti asataye mtima akamanyozedwa chifukwa cha Iye, popeza aneneri akale anachitidwa zomwezo (Mateyo 5:11-12).

Taonani kuti akhristu oyamba ankatchula maina a aneneri makamaka pa nthawi ya mavuto. Ankachita monga munthu amene wafika pa mtsinje wodzaza, nafunsa amene anaolokapo kale kuti pozama ndi pati.

Koma palinso kukumbukira kwina kumene Ambuye anakudzudzula. Alembi ndi Afarisi ankamanga ziliza zokongola pa manda a aneneri, namanena kuti iwo akadakhalapo nthawi imeneyo sakadawapha (Mateyo 23:29-31). Chonsecho anthu omwewo anali kukonza chiwembu chopha Yesu. Mneneri wakufa savuta: timamuimbira nyimbo ndi kutcha ana athu dzina lake. Wovuta ndi wamoyo, amene akugwira pa bala lathu. Tsono tiyenera kudzifunsa kuti kukumbukira kwathu ndi kwa mtundu uti.

2. Kodi mneneri ndani?

Masiku ano dzina loti mneneri lachuluka pa wailesi ndi m'misika. Ambiri akalimva amaganiza za munthu wokuuza amene anakulodza, kapena chaka chimene udzalemere. M'Baibulo mneneri ndi munthu amene Mulungu wamugwira kuti alankhule m'malo mwake za zimene zikuchitika lero, pamaso pa anthu amene safuna kumva. Natani analowa kwa mfumu Davide itatenga mkazi wa msilikali wake ndi kuphetsa mwamunayo (2 Samuele 12). Eliya anakumana ndi mfumu Ahabu m'munda wa mphesa wa Naboti, mwini munda ataphedwa ndi umboni wonama (1 Mafumu 21). Amosi anadzudzula amalonda a miyeso yachinyengo ndi oweruza olandira ziphuphu.

Aneneri onama analiponso, ndipo ndiwo ankakhala ambiri. Ahabu anali nao pafupifupi 400 omuuza zokoma zokhazokha. Mikaya yekha ndiye ananena zoona, ndipo malipiro ake anali khofi ndi ndende (1 Mafumu 22). Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mneneri woona amatsina khutu chifukwa amakonda anthu ake. Yeremiya ankalirira Yerusalemu yemweyo amene ankamudzudzula.

3. Mpukutu wa Yeremiya pa mbaula

Yeremiya, mwana wa wansembe wa ku Anatoti, anaitanidwa ali mnyamata, cha m'ma 627 Khristu asanabadwe, pa ufumu wa Yosiya. Yosiya anali mfumu yoopa Mulungu. Buku la Malamulo litapezeka m'Nyumba ya Mulungu ndi kuwerengedwa pamaso pake, anang'amba zovala zake ndi chisoni, nayamba kukonza dziko (2 Mafumu 22). Mwana wake Yehoyakimu sanatengere bambo. Anthu akulira ndi msonkho wopita ku Ejipito, iye ankadzimangira nyumba yaikulu ya matabwa a mkungudza, nagwiritsa anthu ntchito osawalipira. Yeremiya anamdzudzula poyera (22:13-17). Mneneri wina, Uriya wa ku Kiriyati-Yearimu, atalalika zofanana ndi za Yeremiya anathawira ku Ejipito, koma mfumu inatuma anthu kukamgwira konko, ndipo inamupha (26:20-23). Choncho Yeremiya ankadziwa bwino lomwe kumene mau ake akanamufikitsa.

M'chaka chachinayi cha Yehoyakimu, ndiye kuti 605, Mulungu anamlamula kulemba mu mpukutu mau onse amene analalika pa zaka zoposa 20. Iye ankanena, mlembi wake Baruki nkumalemba. Popeza Yeremiya anali woletsedwa kulowa m'Nyumba ya Mulungu, anatuma Baruki kuti akawerenge ndiye. Mwai unapezeka chaka chotsatira, mwezi wachisanu ndi chinayi, pamene anthu a m'mizinda ya Yuda anasonkhana ku Yerusalemu kudzasala zakudya. Mpukutuwo unawerengedwa katatu motsatizana. Koyamba anaumva anthu wamba. Kachiwiri zinaumva nduna, zimene zinayang'anana ndi mantha, nkuuza Baruki kuti iye ndi Yeremiya akabisale. Kachitatu unawerengedwa pamaso pa mfumu.

Inali nyengo yozizira, ndipo mfumu inali kuotha moto wa m'mbaula. Wowerenga akamaliza magawo atatu kapena anayi, mfumu inkadula ndi kampeni ka mlembi nkuponya pa moto, mpaka mpukutu wonse unapsa. Nduna zitatu, Elinatani, Delaya ndi Gemariya, zinaichonderera kuti isatenthe, koma sinamve. Bambo anang'amba zovala zake atamva mau a Mulungu, mwana anang'amba mauwo. Kenaka inalamula kuti Baruki ndi Yeremiya agwidwe, koma Mulungu anawabisa.

Yeremiya anatenga mpukutu wina. Baruki analembanso zonse zimene zinapsa, ndipo anaonjezapo mau ena ambiri. Akatswiri a Baibulo amati mpukutu wachiwiriwu ndiwo chiyambi cha buku la Yeremiya limene tili nalo. Nyumba ya mfumu inapsa pamene Ababiloni anaononga Yerusalemu cha m'ma 587. Mau aja tikuwawerengabe lero m'Chichewa ndi m'Chitumbuka.

Tisaganize kuti Yeremiya anali ndi mtima wamwala. Wansembe Pasuri atamkwapula ndi kumuika m'matangadza usiku wonse, Yeremiya anadandaula kuti Mulungu wamunyengerera, natemberera tsiku limene anabadwa. Anayesa kuleka kulalika, koma mauwo ankamutentha m'kati mpaka analephera kukhala chete (mutu 20). Mantha anali nao ngati ife tomwe. Kulimba kwake kunali kwakuti mantha akewo ankapita nao kwa Mulungu, m'mawa nkubwereranso ku ntchito.

4. Lamulungu loyamba la Lenti, 1992

Kwa ife obadwa m'nthawi ya zipani zambiri, n'kovuta kumvetsa chifukwa chake kalata ya m'tchalitchi inachititsa anthu mantha chotere. Kuyambira 1966 Malawi linali dziko la chipani chimodzi, Malawi Congress Party, ndipo mu 1971 Dr. Hastings Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti wa moyo wake wonse. Wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pa chipata cha msika ndi pokwerera basi. Munthu ankatha kutsekeredwa zaka osazengedwa mlandu, monga anachitidwira mlakatuli Jack Mapanje ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Mu Meyi 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi anaphedwa, boma nkulengeza kuti afera pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto kuno analamulidwa kuchoka m'zigawo zina ndi kubwerera kwao. Makolo athu anaphunzira kulankhula monong'ona ngakhale m'nyumba zao zomwe.

Pa 8 Malichi 1992, kalata imene pa Chingerezi inatchedwa Living Our Faith inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse. Anaisaina anthu asanu ndi awiri: Arkiepiskopi James Chiona wa Blantyre, Aepiskopi Felix Mkhori wa Chikwawa, Matthias Chimole wa Lilongwe, Alessandro Assolari wa Mangochi, Allan Chamgwera wa Zomba, Gervazio Chisendera wa Dedza, ndi Monsinyo John Roche amene ankayendetsa dayosizi yathu ya Mzuzu. Inasindikizidwa mwakachetechete ndi a Montfort ku Balaka, makope 16,000, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi.

Kalatayo sinauze anthu kuti agwetse boma. Inayamikira zabwino zimene zinachitika chilandirireni ufulu, kenaka inatchula zimene aliyense ankazidziwa koma osazinena: kusiyana kwakukulu kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, mitengo yotsika ya mbeu za alimi, makalasi odzaza, zipatala zosowa antchito, ziphuphu ndi kukondera, kutsekera anthu popanda mlandu, ndi mantha oletsa anthu kunena maganizo ao. Wowerenga Amosi kapena mutu 22 wa Yeremiya sapezamo chachilendo. Koma panali pasanathe zaka zambiri chiphedwereni Arkiepiskopi Janani Luwum wa Anglican ku Uganda mu 1977, ndi Arkiepiskopi Oscar Romero ku El Salvador mu 1980. Udindo wa uepiskopi sunawatchinjirize awiriwa.

Pa 10 Malichi apolisi anaitanira Aepiskopi ku Kanjedza, ku Blantyre, nawapanikiza ndi mafunso kwa maola asanu ndi atatu. M'mawa mwake, pa msonkhano wa chipani ku Lilongwe, akuluakulu ena ananena poyera kuti Aepiskopi aphedwe. Mau aowo anajambulidwa pa tepi, ndipo pambuyo pake anthu ambiri anawamva. Kalata inaletsedwa, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka inayatsidwa moto.

Koma moto unachedwa, chifukwa mau anali atalowa kale m'makutu. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anayenda m'misewu kuonetsa kuti ali mbali ya Aepiskopi. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe atabwera kudzaitanitsa demokalase. Mu Meyi antchito a ku Blantyre ananyanyala ntchito, ndipo anthu ambiri anaomberedwa. Maiko othandiza Malawi anaimitsa chithandizo china. Atsogoleri a CCAP, a Anglican, Asilamu ndi ena anagwirizana ndi akatolika m'bungwe la Public Affairs Committee. Pa 14 Juni 1993, pa referendamu, anthu pafupifupi 63 mwa 100 alionse anasankha zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 kunachitika chisankho. Kalata yokha siikanachita zonsezi, koma ndiyo inayamba kumasula malilime.

5. Zimene inaona dayosizi ya Mzuzu

Amosi anali woweta nkhosa wa ku Tekowa, m'dziko la Yuda, koma anatumidwa kukalalika ku Betele, mu ufumu wina, pa nthawi ya Yerobowamu wachiwiri, cha m'ma 760 Khristu asanabadwe. Wansembe Amaziya anakamneneza kwa mfumu kuti akuukira ufumu, namuuza kuti abwerere kwao azikalalika kumeneko, chifukwa Betele ndi kachisi wa mfumu (Amosi 7:10-17). Mlendo savuta kumuchotsa, ndipo akachoka eni mphamvu amanena kuti mau aja anali a kunja, osati a eni dziko.

Zotere zinachitika kwathu kuno. Boma linaloza chala Monsinyo Roche, wa ku Ireland, wa St Patrick's Missionary Society, kuti ndiye mwini maganizo a m'kalata. Pa Lachisanu Loyera, 17 Epulo 1992, analamulidwa kuchoka m'dziko pasanathe maola 24, ndipo anatulukira ku Zambia. Akhristu a ku Mzimba, a ku Katete ndi a m'maparishi ena onse a dayosizi anachita Pasaka wa chaka chimenecho mbusa wao atachotsedwa. Aepiskopi otsalawo sanabweze mau ao.

M'masabata omwewo mbusa wa CCAP ku Mzuzu, Aaron Longwe, analalika pa mutu 7 wa mneneri Mika, pamene mneneriyo akudandaula kuti anthu olungama atha m'dziko, ndipo akuluakulu ndi oweruza akungofuna ziphuphu. Anatsekeredwa. Mau olembedwa zaka 700 Khristu asanabadwe anali adakali akuthwa mpaka kumangitsa munthu ku Mzuzu.

6. Baruki ndi Ebedemeleki

Ambiri a ife sitidzakhala a Yeremiya. Koma Yeremiya sakadamveka popanda Baruki, amene anaimirira pakati pa anthu ndi kuwerenga mau a mnzake, mutu umene unali pa ngozi uli wake. Mu 1992 a Baruki analipo ambiri: ansembe, akatekisiti ndi akuluakulu a mpingo amene anawerenga kalata m'maparishi ndi m'nthambi, antchito amene anaisindikiza, amene ananyamula mitolo yake, ndi amene anaibisa m'nkhokwe. Maina ao sali m'mabuku. Baruki nayenso anatopa nadandaula, ndipo yankho la Mulungu linali lakuti asamadzifunire zazikulu. Chimene adzapulumuke nacho ndi moyo wake basi (Yeremiya 45). Amene timaganiza kuti unsembe ndi galimoto ndi mpando wa kutsogolo tiwerenge mutu waufupi umenewu kawiri.

Winanso ndi Ebedemeleki. Pa ufumu wa Zedekiya, nduna zinaponya Yeremiya m'chitsime chopanda madzi, ndipo anamira m'matope. Ebedemeleki anali wantchito wa kunyumba ya mfumu, Mkusi, wochokera kum'mwera kwa Ejipito, munthu wa mu Africa ngati ife. Anapita kwa mfumu nanena mosabisa kuti zimene zachitikazi n'zoipa, ndipo munthuyo afa ndi njala. Ataloledwa, anatenga zingwe ndi nsanza, nauza Yeremiya kuti aike nsanzazo m'khwapa kuti zingwe zisamucheke (mutu 38). Anali wolimba mtima pamaso pa mfumu, ndiponso wachifundo mpaka kuganizira za m'khwapa mwa munthu. Mulungu anamlonjeza kuti mzinda ukamadzagwa iye adzapulumuka (39:15-18).

Apa tiyenera kudzifunsa modzichepetsa. Kalata ya 1992 inabwera anthu atazunzika kale zaka zambiri. A Mboni za Yehova, amene ankakana kugula makhadi a chipani, analetsedwa mu 1967. Nyumba zao zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa, ena anatsekeredwa ku Dzaleka, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique. Chiphunzitso chao n'chosiyana ndi chathu pa zinthu zikuluzikulu. Koma pamene anali m'chitsime, a Ebedemeleki anali ochepa, ngakhale pakati pa ife akatolika. Tinaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Joseph Mukasa Balikuddembe, woyamba wa Amaritiri a Katolika a ku Uganda, anaphedwa pa 15 Novembala 1885 atadzudzula Kabaka Mwanga, mwa zina chifukwa chophetsa James Hannington, episkopi wa Anglican. Sanayambe wafunsa ngati wophedwayo anali wa mpingo wake.

Dzina la maritiri ameneyu ndilo linalinso dzina la Episkopi Joseph Mukasa Zuza, amene anatsogolera dayosizi yathu kuyambira 1995 mpaka imfa yake pa ngozi ya galimoto mu Januwale 2015. Mu Ogasiti 2011, patangopita masabata ochepa anthu pafupifupi 20 ataphedwa pa zionetsero za pa 20 Julayi, pafupifupi theka lao ku Mzuzu, iye analalika pa mapemphero a dziko lonse ku Blantyre, Pulezidenti Bingu wa Mutharika ali pomwepo. Anachenjeza kuti munthu wodziyesa kuti ndi yekhayo wodziwa zonse ndi chitsiru, kapena m'chinenero chathu, chindere chakufikapo. Ntchito ya uneneri siinathe pamodzi ndi chipani chimodzi.

7. Nanga ife a m'seminale?

Ogwira ntchito m'nkhalango ya Viphya sadikira kuona utsi kuti ayambe kulambula. Mvula ikangotha amalambula njira zotchinga moto kuzungulira mitengo. Moto wa mu Seputembala ndi Okutobala ukabwera ndi mphepo, nthawi yolambula imakhala itatha. Tonse taona mapiri akuda bii kumene ntchito imeneyi inanyalanyazidwa. Kulimba m'chikhulupiriro kulinso chimodzimodzi: sikumera pa tsiku la mazunzo. M'mera mpoyamba, ndipo poyamba pathu ndi pano.

Choyamba, tiwerenge aneneri, osati ndime za mayeso zokha ai. Amosi ali ndi mitu isanu ndi inayi yokha, Mika isanu ndi iwiri. Munthu angathe kumaliza limodzi pa Loweruka masana. Wansembe amene sadziwa mabuku amenewa, pa tsiku lovuta adzasowa chonena, kapena adzanena za m'mutu mwake.

Chachiwiri, tizolowere choona pa zinthu zazing'ono. Amene amangoyang'ana mnyamata wa Fomu 1 akulandidwa ndiwo kapena bulangete, nati si nkhani yanga, sadzalankhula pamaso pa nduna. Amene amabera mayeso lero sadzakhala ndi nkhope yodzudzulira ziphuphu mawa. Kwathu kumudzi mazunzo alipobe, angosintha zovala: mavenda a sikelo zobera alimi, agogo onamiziridwa ufiti, abale athu achialubino okhala mwamantha, ana amasiye olandidwa minda, atsikana okwatiwitsidwa ali pa sukulu. Awa ndiwo a Naboti a m'maparishi amene tidzatumikire.

Chachitatu, tiphunzire kulandira chidzudzulo. Tisaiwale kuti amene anakwapula Yeremiya ndi amene anapirikitsa Amosi onse awiri anali ansembe. Mkanjo suteteza munthu kuti asakhale Pasuri. Mnzathu, mphunzitsi, kapena mai wosauka wa m'mphakati akatiuza zoona zowawa, tione ngati m'manja mwathu mulibe kampeni ka Yehoyakimu.

Chachinayi, tisasokoneze uneneri ndi ndale za zipani, kapena ndi mkwiyo wathu. Wansembe alibe chipani, ndipo kalata ya 1992 sinatchule chipani choti anthu atsate. Mneneri amayamba wamva, kenaka nkulankhula. Amene sagwada m'tchalitchi m'mawa, mau ake a masana amakhala ake okha.

Ndipo kwa inu makolo athu: pa tsiku la Ubatizo mwana wanu anadzozedwa mafuta a krisma kuti akhale ndi gawo pa unsembe, uneneri ndi ufumu wa Khristu. Msonkhano Waukulu wa Vatikani Wachiwiri unaphunzitsa kuti anthu onse a Mulungu, ndi akhristu eni ake omwe, ali ndi gawo pa udindo wa uneneri. Inu amene munaona 1992 ndi maso, tisimbireni. Musatiphunzitse kuti ukaona usanene. Ndipo mwana wanu akadzakhala wansembe, nadzavutika chifukwa cha choona, musadzamuuze kuti wakuchititsani manyazi.

Ndinawafunsa agogo kuti kalata ija ili kuti. Anaseka, nati nkhokweyo inagwa kalekale, ndipo pepala linadyedwa ndi chiswe. Kenaka anayamba kunditchulira mfundo zake imodziimodzi, akuwerenga pa zala, moto uli kuzilala.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Werengani Yeremiya 36 ndi 2 Mafumu 22. Kodi Yosiya ndi Yehoyakimu anasiyana bwanji polandira mau a Mulungu? Nanga ife timafanana ndi uti tikadzudzulidwa?

2. Funsani munthu wamkulu wa m'parishi mwanu zimene anaona mu Malichi ndi Epulo 1992. Kodi anachitapo chiyani, ndipo anaopa chiyani?

3. Kodi tingasiyanitse bwanji mneneri woona ndi wonama masiku ano?

4. Ndani ali m'chitsime kwanu, kapena pano pa seminale? Chingwe ndi nsanza zimene inu muli nazo ndi ziti?

Pemphero

Inu Mulungu Atate athu, amene munalimbitsa Yeremiya m'chitsime ndi Baruki pakati pa anthu, tikukuthokozani chifukwa cha aneneri akale ndi abusa athu amene sanabise mau anu. Tikhululukireni pamene tinakhala chete anzathu akuzunzika. Tipatseni makutu omva chidzudzulo, lilime lonena zoona, ndi mtima wachifundo wa Ebedemeleki. Tikupempha zimenezi mwa Khristu Ambuye athu. Amen.